Kiki Yosapondedwa

Njinga yamoto ya Sathamanga inasankha yokha tsiku lofera. Chaka chathunthu ndi miyezi iwiri inkalira ndi chala chimodzi, kungodina batani basi, kaya kuzizire kaya kutenthe. Koma Lamulungu limenelo masana, pabwalo la galaja ya bambo ake a chibwenzi chake, anthu atatu akuyang'ana, inangoti "tha!" n'kukhala duu ngati mboni yoopsezedwa.

Anadinanso. Tha.

Dzina lakuti Sathamanga anamupatsa ndi anzake a kusitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito yoperekera katundu m'makomo. Munthuyo, ngakhale kugwe mvula yamatalala, ankayenda mwa ulemu wake, phazi lina kudikira linzake. Atsikana ankati ndi kudekha. Teni, chibwenzi chakecho, nayenso ankati ndi kudekha, ndipo anamukondera zomwezo. Mwini wake yekha ndiye ankadziwa kumene kudekhako anakutenga. Zaka zitatu zapitazo lole inamupeza pamphambano, mwendo wake wakumanja n'kuthera pansi pa bondo pang'ono. Kuchokera pamenepo kutsika m'munsi kunali pulasitiki ndi chitsulo, zovekedwa sokosi ndi nsapato ngati mwendo wa munthu wina aliyense. Amene anali naye pa chibwenzi nthawi imeneyo anabwera kuchipatala kamodzi, anavundukula bulangete, analira mokoma kwambiri, ndipo sanaonekenso. Choncho kwa Teni, miyezi isanu yonse, Sathamanga ankangoti bondo linavulala ku mpira.

Teniyo anali mwana mmodzi yekhayo wa Madala, mwini galaja. Anakulira pakati pa matayala ndi oilo, ndipo dzinalo anamupatsa ndi bambo ake omwewo. M'galaja mukasowa sipanala ya nambala teni ntchito yonse imaima, ndiye mwanayu naye akangochokapo pa kauntala ya masipeya, Madala sankadziwa ngakhale pamene asiya magalasi awo. Mwana wotere bambo samupereka msanga. Ndipo ngati n'kumupereka, Madala anali atasankha kale: Girisi, makaniko wawo wamkulu, wa mapewa ngati chitseko, amene anagwira pamalopo zaka zisanu ndi zinayi akuyembekezera galaja ndi mwana wa mwini wake mu phukusi limodzi.

Tsikulo linali loyamba Sathamanga kulowa m'nyumba ya kuseri kwa galajayo. Anakhala ola lathunthu pa mpando wolimba, tiyi akuzizira m'manja, Madala n'kumufunsa mafunso atatu okha: ntchito yake, makolo ake, ndi oilo amene amathira mu injini. Yankho lachitatu lokha ndi limene analigwedezera mutu. Potsanzikana onse anatuluka kudzamuperekeza, ngakhale Girisi, amene Lamulungu sagwira ntchito koma tsiku limenelo anapezeka kuti ali ndi kena kake kotsiriza.

*

"Alamu, yakana?" anatero Girisi, kamtengo ka machesi kali pakamwa. Mawu akuti alamu ankawatchula ngati akulavula fupa. "Pondani kiki tizione. Enafe tili ndi zochita."

"Imatero nthawi zina," Sathamanga anayankha. "Ilira pompano."

Linali bodza. Njingayo inali isanateropo chiigulireni.

Kiki, chitsulo choponda poliza injini, inali pomwepo kumanja, pafupi ndi chidendene chake. Anaiyesapo kamodzi njingayo ikadali yatsopano, atadzitsekera kumpanda kwawo. Chitsulocho chinabwerera, mwendo woikirira unapotoka n'kusupula khungu la pachitsa, anagona masiku anayi. Anayesanso ndi wakumanzere ataima pambali, koma woikirirawo unalephera kumunyamula, anagwa pamodzi ndi njinga. Kuyambira pamenepo iye ndi kiki ankangopatsana moni.

"Tingoikankha," anatero. "Pamtsetse apo ilira."

"Pa galaja yanga sipatuluka njinga yokankha," Madala anatero osakweza mawu. "Anthu aziti chiyani?"

Teni anaseka, n'kumenya mpando wa njinga ndi chikhatho. "Tsika, bwana. Lero uli ndi mwayi, dokotala ali pompano ndipo sanamwe."

Sathamanga anatsikira kumanzere, mosamala monga mwa nthawi zonse. Teni anavala ovolosi ya bambo ake pamwamba pa diresi yake yabwino, anapinda mikono kawiri, n'kukoka bokosi la zida ndi phazi.

"Tiyambe ndi matenda a anthu opusa," anatero. Anayang'ana kaswichi kofiira kozimitsira injini pa chiwongolero. Kanali m'malo mwake. "Wapulumuka. Kakanakhala aka ndikanakusiya lero lomwe, pamaso pa bambo."

Sathamanga anayesa kuseka.

Teni anaika giya pa nyutulo, kanyali kobiriwira kanayaka. Anakweza sitandi, anafinya kilachi, anadina batani. Tha. Analiza hutala, inalira mpaka galu wa nyumba yachitatu anayankha. Anayatsa nyali yakutsogolo n'kudinanso batani, nyaliyo sinaphethire n'komwe.

"Batire ndi lamoyo. Umalisamala kuposa ine."

"Ndimalichajitsa sabata iliyonse."

"Sabata iliyonse? Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku?" Anamuyang'ana pang'ono, kenako anapukusa mutu. "Anthu a kumankhwala inu, chilichonse mumachipatsa jakisoni."

Anachotsa chivundikiro cha m'mbali n'kugwedeza mawaya a pa batire. Anali olimba, opanda zoyera zija. Anasolola fyuzi, anaiyang'ana kudzuwa, inali yosapsa. Anaika chala pa rile, kabokosi kakuda kamene kamatumiza moto ku sitata, kamota koliza injini, n'kuuza Sathamanga kuti adine.

Tha.

"Aka kakugwira ntchito yake, ndakamva kakugunda." Anatenga sikuludiraiva n'kulumikiza mabawuti awiri a pa kabokosiko kuti moto udutse osapempha chilolezo. Ngakhale kuthetheka sikunathetheke. Anagogoda sitata ndi chigwiriro cha sipanala, n'kulumikizanso. Sitata inati "rrr" kamodzi, ngati nkhalamba yotembenuka pa bedi, n'kugonanso.

"Mabulashi," Madala anatero ali chiimire, manja ali kumbuyo.

"Njinga ya chaka chimodzi, bambo?"

"Tsegula uone."

*

Mabawuti awiri ndi waya mmodzi, sitata inali pa benchi. Teni ataitsegula munatuluka fumbi lakuda lodzaza supuni. Mabulashi, timakala tiwiri timene timapereka moto m'kati mwa sitata, tinali titadyeka mpaka pa waya.

"Iwe, batani umalidina kangati pa tsiku?"

"Ndimaima makomo ambiri. Makumi anayi, mwina kuposa."

"Onse operekera katundu amaima makomo ambiri, koma mabulashi awo amafika zaka zitatu. M'mawa amaponda kiki, batani amalisungira pa maloboti. Iwe m'mawa kukazizira umatani?"

"Batani."

"Ikakana kamodzi?"

"Ndimadinabe mpaka ilire."

Girisi anaseka mpaka anagwira chipilala. "Mwamuna wa batani! Madala, mwamva? Ameneyu ngakhale nkhuni aziwaza ndi batani. Teni, ukonzekere, denga likadontha uzikwera ndiwe."

Teni anamanganso sitata yakufayo n'kupita kukaibwezera pamalo pake kuti bowo lisakhale pululu. Atatha kumanga sanadzuke. Anasendera kumanja kwa njinga ali chinjutire, ndipo Sathamanga anadziwa kuti chinsinsi chake chili pangozi, chifukwa mtsikana ameneyu anaphunzira kuwerenga zitsulo asanaphunzire kuwerenga mabuku.

Labala wa pa kiki anali akadali ndi timizere take ta kufakitale. Popindikira pake panali dzimbiri. Chopondera buleki yakumbuyo, chimene pa njinga iliyonse chimanyezimira ndi nsapato, chinali ndi penti yake yonse. Teni anatambasula dzanja n'kusisita chofinyira buleki yakutsogolo. Chinali chotha, chosalala ngati supuni yakale. Kenako maso ake anachoka pa njinga n'kutera pa nsapato za Sathamanga. Yakumanzere inali ndi makwinya pamwamba pa zala, monga nsapato iliyonse yoyendedwa. Yakumanja inali see, ngati ikadali m'sitolo.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. Mutu sanakweze.

"Basi, mabulashi a mtundu umenewo lero tilibe," Madala anatero. "Aponde kiki azipita. Adzabwera m'kati mwa sabata."

"Kiki yafa, bambo," Teni anatero msangamsanga. "Yagwira dzimbiri m'kati. Akaiponda athyola shafiti."

Ngakhale Girisi anachotsa kamtengo pakamwa.

Madala anamuyang'ana mwana wawo. Zaka makumi awiri ndi zitatu mwanayu anali asanawanamizepo ngakhale za washala imodzi. Anayenda pang'onopang'ono kufika pa njinga, anatambasula kiki ndi phazi, inalira "kwii" chifukwa cha dzimbiri la kunja. Nkhalamba ya imvi mbuu, ya patapata kuphazi, inaponda kamodzi.

Njinga inabangula.

Anaisiya ilire pang'ono kuti aliyense amve bwino, kenako anazimitsa n'kuika kiyi m'thumba.

"Kiki ilibe vuto," anatero. "Vuto lili pena. Mwana wanga sananamepo pa chitsulo. Wakudziwa iwe miyezi isanu, lero wanama, pamaso panga, ovolosi yanga ili m'thupi."

"Bambo, ine ndimaona ngati..."

"Sindikulankhula ndi iwe." Anatembenukira kwa Sathamanga. "Mnyamata, ine ulesi ndimaudziwa, umabwera pano tsiku lililonse utakwera njinga. Wazolowera zofewa. Tsiku lina batani lidzafa kutali ndi galaja, mvula ikugwa, mwana wanga ali kumbuyo kwako. Udzatani? Udzamuuza akankhe? Njingayi igona pano. Mabulashi sindiika. Loweruka m'mawa ubwere, uiponde wekha pamaso panga. Ikalira tidzakhala pansi, ndidzamva zimene ukufuna pakhomo pano. Ikakana udzatume munthu adzaitenge, iweyo usadzapondenso pano."

"Zachilungamo zimenezo," Girisi anatero, n'kubwezera kamtengo pakamwa.

Sathamanga anatsegula pakamwa. Mawu analipo, anali atawakonza zaka zitatu. Koma anaona mano a Girisi, anaona msana wa Teni, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ndamva, bambo."

*

"Ndikuperekezeni," Teni anatero.

Miyezi isanu ankamutchula kuti iwe. Ulemu wobwera mwadzidzidzi umenewu unamulasa Sathamanga kuposa mawu onse a Madala.

Kanjira kopita kumsewu kankadutsa kuseri kwa galaja, pakati pa mpanda wa malata ndi mulu wa njinga zakufa. Teni anatsogola, ovolosi ikukhwekhwereza pansi, sipanala ikadali m'manja. Atafika pakati anaima, ananjuta, n'kugogoda msongolo wakumanja wa Sathamanga kawiri.

Gho, gho. Ngati paipi yopanda madzi.

"Mpira umenewu munkasewera ndi ndani? Ndi sitima?"

"Lole."

"Pindani."

Sathamanga anatsamira malata n'kupinda thalauza mpaka pa bondo. Zonse zinaonekera: chitsulo, chikho cha pulasitiki chimene chitsa chimalowamo, lamba, sokosi zitatu zovalirana. Anayembekezera kulira. Ndondomeko yake ankaidziwa: amagwira pakamwa, amalira, amati pepa, kenako foni imayamba kusowa netiweki.

Teni sanalire. Anayang'ana ngati akuyendera ntchito ya makaniko wina.

"Pamapweteka?"

"Kukatentha. Ndi ndikayenda mtunda."

"Tsiku lija tinayenda wapansi kuchoka kumsika mpaka kwa azakhali anga, ine ndikukusekani kuti mukuyenda ngati mwasenza mazira?"

"Ndinagona masiku awiri."

"Munati ndi chimfine. Ndinakubweretserani malalanje. Ndinakusenderani ndekha."

"Ndinkaopa, Teni. Wina anaonapo, anathawa."

"Ndiye mlandu wa wina mwandipatsa ine, osandifunsa n'komwe." Anadzuka. Mawu ake anali otsika. "Mwendowu si nkhani kwa ine. Ndakulira m'galaja, ndikudziwa kuti chinthu chimayenda bwinobwino ndi chitsulo choikirira. Koma buleki. Buleki yakumbuyo ija simunaipondepo."

"Ndikaponda sindimva ngati ndaponda kwambiri kapena pang'ono. Ndinazolowera dzanja. Sindinagwepo."

"Simunagwepo. Zikomo kwambiri, achimwene. Kangati mwanditsitsa mtsetse wa ku mlatho uja, ine nditakukumbatirani, nditatseka maso, ndikuimba ngati chitsiru? Ndi buleki yakutsogolo yokha! Kamchenga pang'ono, mbuzi kudumpha msewu, tonse pansi. Inu munkadziwa. Ine sindinkadziwa. Mukanandiuza ndikanakwerabe, mwina. Koma ndikanakwera maso ali otsegula."

Nthawi yonseyi Sathamanga ankaganiza kuti akubisa manyazi ake okha.

"Ndiponso ndanamiza bambo," Teni anapitiriza. "Pakamwa panangonditsogolera. Munthu uja chimwalirireni mayi sakhulupirira wina aliyense padziko pano kupatula ine. Mwaona mmene anandiyang'anira?"

"Ndaona."

"Simunaone. Inu mumayang'ana nsapato zanu."

Kumsewu minibasi inaliza hutala n'kudutsa. Sathamanga anatsitsa thalauza.

"Ndiye tathana?"

"Sindikudziwa. Ndikanadziwa ndikanakuuzani, ine sindisunga zinthu miyezi isanu." Anapukuta mphuno ndi mkono wa ovolosi, n'kusiya mzere wakuda patsaya. "Loweruka mubwere. Kiki simungaiponde, tonse awiri tikudziwa. Mudzaime pamaso pawo, muwauze ndi pakamwa panu. Akamva kwa inu adzatukwana, adzaponya chinachake, kenako usiku adzayamba kuganiza zosamutsira buleki ija kudzanja. Ndimawadziwa. Koma akamva kwa munthu wina adzati tinapangana kuwapusitsa, kuti ndinkadziwa kalekale. Zikatero ngakhale ine ndidzakhala wopanda pakamwa m'nyumba muja."

"Bwanji ndibwerere pompano ndikawauze?"

"Lero ayi. Akatentha makutu amatseka. Apoleko kaye."

"Udzakhalapo Loweruka?"

"Ndimagwira ntchito pamenepo," anatero, n'kutembenuka. Sanacheuke. Sathamanga anaima mpaka phokoso la ovolosi yokhwekhwereza linatha.

*

Minibasi anali atasiya kukwera chigulireni njinga, ndipo anali ataiwala kuti khomo lake ndi lalitali. Anakwera ndi mwendo wakumanzere n'kukoka winawo, kondakitala akuti, "Fulumirani akulu, simuli pa ukwati." Anapeza malo kumbuyo, pakati pa mayi wonyamula beseni ndi bambo wogona.

Anatulutsa foni. Analemba kuti, "Pepa." Anafufuta. Analemba zambiri, za lole, za chipatala, za bulangete lovundukulidwa, mpaka foni inadzaza. Anafufutanso zonse. Pomaliza anatumiza mawu amodzi okha: "Ndidzabwera."

Yankho silinabwere. Atadutsa masiteji awiri foni inanjenjemera, iye n'kuiyang'ana msanga. Koma uthengawo unachokera ku nambala yachilendo.

"Alamu, ndine Girisi. Malata a mpanda wathu uja ali ndi mabowo, ndakhala ndikuwauza Madala kuti tisinthe. Pepani kwambiri ndi ngozi ija, lole si masewera."

Asanameze malovu unalowa uthenga wina.

"Loweruka ndi kutali. Ine mawa sikisi koloko ndimatsegula galaja ndi Madala, awiriwiri, timamwa tiyi tikucheza. Ndikuona ngati adzafuna kudziwa kuti mwana wawo ananamira chiyani. Koma mukapanda kuonekanso, ine sindinaone kanthu, ndipo Teni akhalabe mwana wabwino wa bambo ake. Njinga ndidzakubweretserani ndekha, mabulashi atsopano. Ganizani ngati munthu wamkulu."

Sathamanga anawerenga kawiri. Mayi wa beseni anamuyang'ana n'kufunsa ngati ali bwino, iye anangogwedeza mutu. Chitsa chinali chitayamba kutentha m'chikho chake. Teni anayenera kudziwa zimenezi tsopano lino, asanagone, Girisi asanatsegule chitseko cha galaja. Anasaka dzina lake n'kuimba.

Inalira kamodzi. Kawiri. Kachitatu inayankhidwa.

"Teni, mvera, usadule. Girisi waona zonse, akufuna..."

"Foni iyi kuyambira lero ili ndi ine," anatero mawu a Madala, odekha ngati akufunsa za oilo. "Girisi waona chiyani? Lankhula, mnyamata. Ndikumva."